Kuchokera Kubusa la Angoni Mpaka pa K Street: Ndewu Yophunzitsa Ulemu

Ambiri a ife okhala m'dera lino la Washington tidakhalapo tsiku Loweruka m'holo ina ku Silver Spring kapena ku Alexandria, kuonerera ana athu atavala zoyera akuponyerana mateche pa mpikisano wa taekwondo. Funso sililephera kubwera mumtima mwa kholo: kodi sitikumuphunzitsa mwanayu ndewu? Mbiri ili ndi yankho, ndipo mbali ina ya yankholo ndi yathu yomwe.

Angoni a Zwangendaba adawoloka mtsinje wa Zambezi m'chaka cha 1835 ndi chishango, nthungo ndi chibonga. Anadza nawonso ndi kaleredwe kawo ka anyamata. Margaret Read, amene adakhala pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930, adafotokoza za kaleredweka m'buku lake la 1959 lotchedwa Children of Their Fathers. Mnyamata akasinkhuka ankachoka m'nyumba ya amake n'kukagona kulaweni ndi anzake, ndipo masana ankaweta ng'ombe. Kubusako anyamata ankayesana mphamvu ndi ndodo. Wogonja ankadziwa malo ake, wopambana ankasenza udindo woyang'anira anzake. Asilikali a Britain atapha Inkosi Gomani mu 1896 ndi kugonjetsa Mpezeni mu 1898, nkhondo zidatha, koma chishango ndi chibonga zidatsalira m'gule wa ngoma yemwe timamuonabe ku Ntcheu ndi ku Mzimba.

Kuno nako kuli mbiri yofanana. Pa 28 June 1962, Jhoon Rhee, mbadwa ya ku Korea amene adayamba waphunzira ku Texas, adatsegula sukulu yake yoyamba ya taekwondo pa 2035 K Street mumzinda uno. Mu 1964 adakumana ndi Bruce Lee pa mpikisano wa karate ku Long Beach, ndipo ubwenzi wawo udakhalitsa. Mu 1965 adayamba kuphunzitsa aphungu a Nyumba ya Malamulo ya dziko lino, ntchito imene adaigwira zaka zambirimbiri.

Mipikisano ya masiku amenewo inali yoopsa, popeza opikisana ankamenyana manja ndi mapazi ali pamtunda. Wophunzira wake wina atavulala kumaso pa mpikisano, Rhee adapanga zovala zofewa zotchinga manja ndi mapazi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Zovalazo zidatsegula khomo kwa ana aang'ono ndi atsikana, amene makolo awo sakadawalola kale. Adaikanso lamulo lakuti mwana wa sukulu sangalandire lamba wakuda ngati sakhoza bwino m'kalasi. Taekwondo adaonetsedwa pa masewero a Olimpiki ku Seoul mu 1988, ndipo kuyambira ku Sydney mu 2000 opambana amalandira mendulo. Rhee adamwalira ku Arlington pa 30 April 2018 ali ndi zaka 86.

Kubusa la ku Ntcheu ndi holo ya ku Maryland n'zotalikirana, koma phunziro lake ndi limodzi. Mwana amayima yekha pamaso pa mnzake, anthu akuona, popanda bambo kapena mayi womulankhulira. Amamvera woweruza ngakhale mtima ukuwawa. Akagonja amawerama, n'kupereka moni kwa amene wamugonjetsa, mawa lake n'kubwereranso kukaphunzira.

Ana athu kuno alibe laweni, alibe mphala, alibenso amalume apafupi owadzudzula. Akuluakulu adati kuongola mtengo m'poyamba. Choncho posankha sukulu ya masewerawa tisachite chidwi ndi zikho zonyezimira pawindo. Tifunse ngati mphunzitsi amaona malipoti a kusukulu, ndipo tikaonerere mmene amalankhulira ndi mwana amene wagonja.