Mbiri ya Nkhokwe za pa Intaneti

Munthu amene ali ndi makompyuta aŵiri, ina kuntchito ina kunyumba, amasautsidwa ndi funso looneka laling'ono: kalata imene walemba pa makina aŵa aipeza bwanji pa makina enawo, ili ndi mawu onse amene anawonjezera dzulo? Funsoli limakula ngati makinawo sali a mtundu umodzi. Kompyuta iliyonse ili ndi pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zonse za m'kati mwake, ndipo zotchuka masiku ano ndi zitatu: Windows ya kampani ya Microsoft, macOS ya kampani ya Apple, ndi Linux, imene ilibe mwini mmodzi. Zitatuzi sizinapangidwe kuti zizimvana.

Kusamvanaku nkwakale. Mu 1981 kampani ya IBM inatulutsa kompyuta yake ya patebulo yoyendera pulogalamu ya DOS, ndipo mu 1984 Apple inatulutsa Macintosh. M'zaka zimenezo mafayilo ankanyamulidwa m'thumba pa kadisiki, koma disiki yolembedwa pa Macintosh sinkaŵerengeka pa makina a DOS, popeza chipangizo cha Apple chinkazunguza disikiyo pa liŵiro losinthasintha. Munali mu 1988 pamene Apple inabweretsa chipangizo chotha kuŵerenga madisiki a mbali zonse ziŵiri. Ngakhale apo mavuto sanathe. DOS inkalola dzina la fayilo la zilembo 8 zokha ndi zina 3 kumapeto, pamene Macintosh inkalola zilembo 31. Chizindikiro chosonyeza kutha kwa mzere nachonso chinali chosiyana, kotero kuti kalata yolembedwa bwino inkatha kufika kwina ili chimzere chimodzi chachitali. Zina za zosiyanazi zikalipo. Kwa Linux, "Lipoti" ndi "lipoti" ndi mafayilo aŵiri. Kwa Windows ndi dzina limodzi.

Mmodzi wa anthu amene anagwira ntchito yaikulu yoyanjanitsa makinaŵa ndi Andrew Tridgell wa ku Canberra, m'dziko la Australia. Mu 1992 iye anatulutsa pulogalamu imene pambuyo pake inatchedwa Samba, yothandiza makina a mitundu yosiyana kugaŵana mafayilo mu ofesi imodzi. Mu 1996, pamodzi ndi Paul Mackerras, anatulutsa rsync. Nzeru yake inali yakuti fayilo ikasintha pang'ono, palibe chifukwa choitumiza yonse: makina aŵiriwo amaiyerekeza chidutswa ndi chidutswa, nkutumizirana zidutswa zokhazo zimene zasiyana. Komabe chida chimenechi chinali cha akatswiri odziŵa kulemba malamulo a kompyuta. Mlembi wamba wa mu ofesi anapitirizabe kunyamula disiki, kenaka fulashi, kapena kudzitumizira yekha makalata pa imelo.

Fulashiyo ndiyo inayambitsa gawo lotsatira. Drew Houston, amene anaphunzira pa sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America, amasimba kuti anakwera basi yochokera ku Boston kupita ku New York ali ndi cholinga chogwira ntchito m'njira, koma anapeza kuti waiŵala fulashi yake kunyumba. Mu 2007 iye ndi Arash Ferdowsi anakhazikitsa kampani ya Dropbox, ndipo mu 2008 anaitsegulira anthu onse. Chimene anapereka chinali chosavuta kumva: foda imodzi pa kompyuta, ndipo chilichonse choikidwamo chimapezeka mu foda yomweyo pa makina ena onse a munthuyo. Malo okwana magigabayiti 2 anali aulere. Mafayilowo ankasungidwa m'makina a kampani ya Amazon, imene inayamba kubwereketsa malo otere mu 2006, kufikira Dropbox itasamutsira ochuluka m'makina akeake, monga inalengezera mu 2016. Izi ndizo anthu amazitcha "mtambo", ngakhale kuti kumwamba kulibe kanthu. Ndi zinyumba zodzaza makompyuta, zokhala ndi eni ake.

Chofunika pa mbiri ino nchakuti Dropbox inayamba ndi mapulogalamu a Windows, Mac ndi Linux omwe. Sichinali chifundo. Kampaniyi sinkagulitsa makompyuta, ndipo phindu lake linali pa kupezeka ponseponse. Makampani aakulu anali ndi maganizo ena. Mu 2009 Steve Jobs, mkulu wa Apple, anafuna kugula Dropbox, koma Houston anakana. Mu 2011 Apple inatulutsa iCloud, imene imayenda bwino kwambiri pa zipangizo za Apple, ili ndi pulogalamu ya Windows, koma ilibe ya Linux. Google Drive inabwera mu 2012 ndi mapulogalamu a Windows ndi Mac. A Linux anauzidwa kuti adikire, ndipo akudikirabe. Microsoft inali ndi SkyDrive, imene inasinthidwa dzina kukhala OneDrive mu 2014 itagonja pa mlandu ndi kampani ya wayilesi yakanema ya BSkyB ku Britain. OneDrive imabwera m'kati mwa Windows ndipo ilipo pa Mac, koma Microsoft sinapange ya Linux. Wogwiritsa ntchito Linux amaloŵa m'nkhokwe zimenezi kudzera pa tsamba la intaneti, kapena amadalira mapulogalamu olembedwa ndi anthu ena, amene angaleke kugwira ntchito mwini nkhokwe akasintha loko. Mwini munda amamanga nkhokwe pakhomo pake, ndipo makampaniŵa sanachite mosiyana.

Nayonso Dropbox siinakhale monga inayambira. Mu 2018 inalengeza kuti pa Linux idzagwira ntchito pa madisiki okonzedwa mwa njira imodzi yokha, yotchedwa ext4. Anthu anadandaula, ndipo mu 2019 njira zina zinabwezeretsedwa. Koma chaka chomwecho osalipira anaikiridwa malire a zipangizo zitatu. Mu 2016 zinadziŵika kuti akuba anatenga zoloŵera za maakaunti oposa 68 miliyoni mu 2012. Ena anaona zoŵaŵa kuposa apa. Kampani ya Canonical inatseka nkhokwe yake ya Ubuntu One mu 2014, ndipo amene sanachotse katundu wawo pofika kumapeto kwa July anataya zonse.

Palinso chinthu chimene ambiri amachidziŵa mochedwa. Foda yotereyi imafananitsa makina, siisiyanitsa chabwino ndi choipa. Fayilo ikafufutidwa molakwitsa pa kompyuta imodzi, imafufutika pa onse, ndipo Dropbox imasungira osalipira zofufutidwazo kwa masiku 30 okha. Anthu aŵiri akasintha fayilo imodzi pa nthaŵi imodzi, pamatuluka makope aŵiri otsutsana, ndipo woweruza ndi mwini wake. Kumene intaneti imagulidwa m'mabandulo, kompyuta yatsopano ingathe bandulo lonse ikukopera foda, ngati mwini wake sanasankhe mafoda oŵerengeka oti akopedwe.

Zonsezi zinapatsa mphamvu anthu ofuna kumanga nkhokwe zawozawo. Frank Karlitschek wa ku Germany anayambitsa ownCloud mu 2010, ndipo mu 2016 anachokako nkuyambitsa Nextcloud, imene sukulu kapena ofesi ingaike pa makina ake, ndipo ili ndi mapulogalamu a Windows, Mac ndi Linux. Jakob Borg wa ku Sweden anapita patali mu 2013 ndi Syncthing, imene ilibe nkhokwe ya pakati: makompyuta amapatsana mafayilo okhaokha. Mtengo wake ngwakuti ntchito imene kampani ikanagwira imagwera mwini makina. Disiki ikafa, agula ndi iye. Ndipo kuti mafayilo afanane, makina aŵiriwo ayenera kukhala oyaka pa nthaŵi imodzi, kotero kuti kompyuta ya kuntchito ikazimitsidwa madzulo, ya kunyumba imadikira mpaka m'maŵa.