Kukonza ndi kupentanso timabogi takale ta katundu

M'maiko monga America, Britain, Germany ndi Japan muli anthu akuluakulu amene amamanga kadziko ka njanji m'chipinda cha nyumba yawo. Pathebulo lalikulu amayalapo tinjanji, kuumba mapiri, kumanga timasiteshoni ndi timafakitale, kenako n'kumayendetsapo tisitima toyendera magetsi. Chilichonse pakadzikoko chimachepetsedwa pa muyeso umodzi kuchokera ku chinthu chenicheni. Muyeso wotchuka kwambiri ndi HO, umene umachepetsa chinthu ka 87, ndipo mpata wa pakati pa tinjanji tiwiri umakhala mamilimita 16.5. Ku Britain ambiri amakonda muyeso wa OO, wochepetsa ka 76, pomwe amene malo awachepera amatsata N, wochepetsa ka 160 m'maiko ambiri. Pa HO, bogi yotseka ya mafiti 40, imene inali yofala kwambiri panjanji za ku America pakati pa zaka za m'ma 1900, imatalika pafupifupi masentimita 14.

Mutu wa sitima ndiwo umakopa maso a alendo, koma chimene chimadzaza kadzikoko ndi timabogi ta katundu. Sitima imodzi yooneka bwino imafuna timabogi tambiri, ndipo tatsopano, topangidwa mwaluso, ndi tokwera mtengo. N'chifukwa chake anthu ambiri amapita ku misika ya zinthu zakale, yofanana ndi ya kaunjika, kukatola timabogi tokalamba, tina totyoka makwerero, tina topentedwa mitundu yowala ngati maswiti. Tambiri ndi ta makampani a Tyco, Life-Like ndi Bachmann, amene ankagulitsa sitima za ana zotsika mtengo m'zaka za m'ma 1970, kapena ta Athearn, kampani imene inkagulitsa timabogi tolumikiza wekha m'timabokosi tabuluu mpaka m'chaka cha 2009. Kabogi kotere kangathe kusanduka chinthu chonyaditsa, koma penti ndi gawo lomalizira la ntchitoyi. Ofulumirira penti amapeza kabogi kokongola kamene kamagwa panjanji pakhota paliponse.

Kusankha koyenera kukonza

Si kabogi kalikonse kamene kayenera kukhudzidwa. Zopangidwa ndi makampani akale monga Lionel ya ku America, Märklin ya ku Germany ndi Hornby Dublo ya ku Britain zili ndi anthu ozisonkhanitsa, ndipo anthuwa amafuna penti wa kufakitale ngakhale atakalika. Kupentanso kabogi kosowa ndi kugwetsa mtengo wake, ndipo penti woyambayo akachoka sabwereranso. Kabogi kotere kamangofuna kupukutidwa fumbi.

Tina sitingakonzeke n'komwe. Zitsulo zina zoumbidwa ndi zinki wosakanikirana ndi mtovu wochuluka zimafufuma, kung'aluka, kenako n'kuphwanyika zokha ngati chikute chouma, ndipo palibe guluu kapena penti amene angaletse matendawa. Timabogi toyambirira ta kampani ya Tri-ang, ta kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, tinapangidwa ndi mtundu wa pulasitiki umene umapindika pakapita zaka. Wogula wanzeru amayamba wakatembenuza kabogi, kuyang'ana kunsi kwake, n'kukakhazika pagalasi kuti aone ngati kali kowongoka.

Mawilo, zolumikizira ndi kulemera

Bungwe la National Model Railroad Association, lomwe linakhazikitsidwa mumzinda wa Milwaukee m'chaka cha 1935, linaika miyeso yoti zinthu za makampani osiyanasiyana ziziyendera limodzi. Ntchito yokonza kabogi kakale kwenikweni ndi yokabweretsa pamiyesoyi.

Mawilo a pulasitiki amatola litsiro n'kumalipaka panjanji, ndipo litsirolo limatchinga magetsi opita ku mutu wa sitima. Ambiri amawachotsa n'kuika achitsulo, amene amagudubuzika mopepuka komanso amawonjezera kulemera kunsi. Mawilo awiri a pamtanda umodzi sayenera kulumikizana mwa magetsi, chifukwa kanjanji kalikonse kamanyamula mbali yake ya magetsi. Opanga amaika kapulasitiki pakati pa wilo limodzi ndi mtanda. Kukula kwa mawilo nako kuli ndi tanthauzo. Ku America mabogi onyamula matani 50 kapena 70 ankayendera mawilo a mainchesi 33, pomwe onyamula matani 100 amayendera a mainchesi 36. Mawilo akale a milomo yaitali amagunda timitanda ta njanji zamakono zopyapyala, ndipo kabogi kamayenda kakudumphadumpha.

Mawilowa amakhala m'zimango ziwiri, china kutsogolo china kumbuyo, chilichonse chomangidwa ndi screw imodzi. Odziwa ntchitoyi amamanga chimango chimodzi mothina pang'ono kuti chizingozungulira, ndipo chinacho amachisiya chomasuka kuti chizitha kupendekera uku ndi uku. Zonse zikathina, kabogi kamasiya njanji pamalo okwera ndi otsika. Zonse zikamasuka, kamayenda kakugwedezeka ngati woledzera.

Zolumikizira ndizo zimadya nthawi yambiri. Timabogi totsika mtengo ta ku America tinkabwera ndi zolumikizira za pulasitiki zooneka ngati ngowe, zomangiriridwa pachimango cha mawilo. Sitima ikamabwerera m'mbuyo, mphamvu yokankha imapotoza chimangocho n'kutulutsa mawilo panjanji. Mankhwala ake ndi kudula ngowezo n'kumanga zolumikizira zatsopano pathupi la kabogi. Zodziwika kwambiri ndi za kampani ya Kadee ya ku Oregon, zimene zimafanana ndi chibakera chogwirana ndi chinzake, monga zimakhalira pa sitima zenizeni kuchokera pa luso la Eli Janney la m'chaka cha 1873. Pansi pake pamalendewera kawaya kokhota kamene maginito obisidwa panjanji amakakoka kuti timabogi tilekane popanda kutigwira. Zolumikizira zonse ziyenera kukhala pamsinkhu umodzi. Chikatsika, amalowetsa kawashala kopyapyala pakati pa chimango ndi thupi. Kawaya kaja kakatsika kwambiri, kamakola pamphambano za njanji n'kugwetsa sitima yonse.

Pa za kulemera, langizo la bungwe lija, lotchedwa RP-20.1, limati kabogi ka HO kalemere aunsi imodzi, kuwonjezerapo theka la aunsi pa inchesi iliyonse ya kutalika kwake. Aunsi imodzi ndi magalamu pafupifupi 28, choncho kabogi ka masentimita 14 kaja kayenera kufika magalamu pafupifupi 106. Kopepuka kwambiri kakakhala pakati pa tolemera, kamakokedwa n'kugwera mkati mwa khota. Anthu amamata ndalama zachitsulo, manati kapena tizidutswa ta chitsulo mkati, pansi penipeni ndiponso pakatikati. Wogwiritsa ntchito mtovu ayenera kusamba m'manja akamaliza.

Kuchotsa penti wakale

Ngati penti wakale ndi wopyapyala, nthawi zina kumakwanira kufufuta zilembo zokha. Koma kupaka penti pamwamba pa penti wokhuthala kumakwirira timisomali, timizere ta matabwa ndi tizitseko, zomwe ndizo ulemerero wa kabogi.

Pa pulasitiki ambiri amagwiritsa ntchito sipiriti wa isopropyl wamphamvu ya 91 peresenti kapena kuposerapo. Amachotsa mawilo ndi zitsulo zonse, kuviika thupi la kabogi m'kontena yotseka kwa maola angapo, kenako kulikwecha ndi mswachi wakale. Penti wa makampani ena amasupuka msanga, wa ena amakanirira masiku. Mafuta a mabuleki a galimoto amachotsanso penti, koma amafooketsa mitundu ina ya pulasitiki moti kabogi kamadzasweka m'manja pambuyo pake. Acetone ndi thinala wamphamvu amasungunula pulasitiki pompopompo, ndipo malo awo ndi pa timabogi tachitsulo basi. Lamulo lake ndi kuyesa kaye mkati mwa thupi, pamalo osaoneka. Ntchitoyi imafuna magolovesi, mazenera otsekula ndi kutalikirana ndi moto.

Penti akachoka, zilema zonse zimaonekera. Apa ndi pomata ming'alu, kusalaza ndi sandipepala wosalala kwambiri, ndi kubwezeretsa makwerero otyoka. Ena amapala zogwirira zoumbidwira pathupi n'kuboola timabowo toikamo zawaya, ntchito yotopetsa maso koma yosintha maonekedwe kuposa penti aliyense. Pomaliza kabogi kamatsukidwa ndi madzi ofunda ndi sopo wa mbale, ndipo kakauma sikagwidwanso ndi zala, popeza mafuta a pakhungu amalepheretsa penti kugwira.

Mtundu, zilembo ndi chaka

Penti amapoperedwa ndi airbrush kapena kachitini kopopera, mopyapyala, kangapo, kuyamba ndi woyalira pansi wotuwa. Kwa zaka zambiri anthu ankadalira penti wa Floquil, koma kampani ya Testors inasiya kumupanga m'chaka cha 2013, ndipo ambiri tsopano amagwiritsa ntchito penti wosungunulira ndi madzi, amene fungo lake ndi lochepa. Mtundu wofala pa mabogi akale a ku America unali wofiirira ngati dothi la katondo. Penti wake ankapangidwa ndi dzimbiri la chitsulo, anali wotsika mtengo ndiponso wolimba, ngakhale kampani iliyonse inali ndi kasakanizidwe kake.

Zilembo zimabwera patimapepala totchedwa decal, timene amativiika m'madzi n'kutsetserekera pathupi la kabogi. Zimafuna pamalo ponyezimira. Pa penti wosanyezimira, mpweya umatsekeredwa kunsi ndipo m'mbali mwa zilembo mumaoneka mbuu. Mankhwala monga Micro Sol ndi Solvaset amafewetsa kapepalako kuti kakumbatire timisomali ndi timizere. Kakamauma kamachita makwinya, ndipo apa m'pamene oyamba kumene amalakwitsa pofuna kukawongola ndi chala. Makwinyawo amatha okha.

Chovuta chenicheni si kumata, koma kudziwa chomata. Bogi iliyonse ya ku North America imanyamula zilembo za mwini wake ndi nambala: PRR ya Pennsylvania Railroad, ATSF ya Atchison, Topeka and Santa Fe, ndipo zilembo zothera ndi X, monga GATX, zimasonyeza kuti mwini wake si kampani ya njanji. Pamakhalanso kulemera kwa bogi yopanda katundu ndi mwezi umene inapangidwa. Zonsezi zimaulula chaka. Pennsylvania Railroad inaphatikizana ndi New York Central m'chaka cha 1968 kupanga Penn Central, imene inagwa mu 1970, ndipo njanji zake zinalowa mu Conrail mu 1976. Munthu amene kadziko kake kakuimira chaka cha 1955 sangaikepo kabogi ka Conrail. Matabwa oyendapo pamwamba pa denga anasiya kuikidwa pa mabogi atsopano mu 1966. Timizere ta mitundumitundu towerengedwa ndi makina, timene tinamatidwa m'mbali mwa mabogi kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, tinasiyidwa patatha zaka pafupifupi khumi, mwa zina chifukwa litsiro linkatikwirira. Mlendo wamba sangaone kusiyana, koma mnzake wodziwa mbiri amakuona asanakhale n'komwe pansi. Chithunzi cha bogi yeniyeni, chodziwika chaka chake, ndicho chida choposa zonse.

Vuto lomweli limakula kwa wofuna kufanizira sitima za kum'mwera kwa Africa. Njanji za Malawi, Zambia, Zimbabwe, South Africa ndi zambiri za Mozambique ndi za mpata wa mamilimita 1,067, pomwe za ku America ndi zambiri za ku Ulaya ndi za 1,435. Pa muyeso wa HO mpata wa 1,067 umafuna tinjanji ta mamilimita pafupifupi 12. Kampani ya Lima ya ku Italy inagulitsapo tisitima ta mitundu ya South African Railways toyenda pa 16.5, ndipo ogula ambiri anangovomereza kusiyanako. Kupenta kabogi ka ku America mitundu ya kuno n'kotheka, koma thupi ndi mapazi ake zimakhalabe zachilendo.

Kukalambitsa dala

Zilembo zikauma, kabogi konse kamapoperedwa vanishi wosanyezimira, monga Dullcote, kuti penti ndi zilembo zikhale chinthu chimodzi. Kenako wokonza uja amayamba kudetsa chimene wangochikongoletsa. Bogi yeniyeni imakhala padzuwa ndi pamvula zaka zambiri osatsukidwa, ndipo kabogi konyezimira kamaoneka ngati chidole ngakhale kakhale kolondola chotani. Mmodzi mwa amene anatchukitsa luso lokalambitsali ndi John Allen wa ku Monterey, ku California, amene kadziko kake ka Gorre & Daphetid kanadziwika kwambiri kudzera m'magazini; kanapsa ndi moto mu Januwale 1973, patangopita masiku ochepa iye atamwalira.

Zipangizo zake ndi zapafupi: ufa wa choko cha mitundu, penti wosungunula kwambiri ndi burashi yofewa. Fumbi limayambira kunsi kukwera m'mwamba, poti mawilo ndiwo amalimwaza. Dzimbiri limatsika kuchokera kudenga motsata njira ya madzi a mvula, ndipo limachuluka pamene chitseko chimakhula khoma. M'nthawi ya sitima za malasha madenga ankada ndi mwaye. Bogi ya simenti imatuwa mozungulira potsanulira, ya mafuta imada pansi pa chivundikiro. Zithunzi zopopera za achinyamata, zofala pa mabogi a ku America masiku ano, sizikhala pa kabogi koimira zaka za m'ma 1950. Choko chimazilala chikapoperedwa vanishi, kotero ambiri amachipaka kawiri kapena katatu, ndipo timabogi ta sitima imodzi sitidetsedwa mofanana, popeza panjanji yeniyeni bogi yotuluka kumene kokonzedwa imayenda moyandikana ndi ina imene sinaonepo penti kwa zaka makumi awiri. Popondera mawilo ndi pakamwa pa zolumikizira sipafika penti kapena vanishi. Pakadontha, amapapukuta ndi kathonje konyowetsa ndi sipiriti kabogi kasanabwerere panjanji.