Za Thandizo la Mpingo pa Nthawi ya Mkuntho ndi Cigumula

Ife okhala kuno ku Chitedze, pamodzi ndi abale athu a ku Mpingu, Namitete, Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, tidziwa bwino macitidwe a mvula yoyamba. Dziko lathu ndi la cidikha, lopanda mapiri akuchinga mphepo. Ndipo dzuwa la Okutobala likatha kuocha, mitambo imabwera ndi mkuntho patsogolo pace. Usiku umodzi wokha malata a sukulu apezeka m'munda, nkhokwe yagwa cammbali, ndi khoma la nyumba ya mkazi wamasiye lasungunuka. M'mawa mwace tiona akulu a mpingo, amai ndi anyamata alinkudza ndi makasu, nkhwangwa ndi luzi, osaitanidwa ndi osalipidwa. Mwezi uno tifuna kulondola mbiri ya mwambo umenewu, kuti ana athu adziwe kumene unacokera, ndi kuti ife tomwe tidziyese ngati tiusunga bwino.

Poyamba tinene zoona, kuti kuthandizana sikunadze ndi amisyoni ai. Makolo athu pomanga nyumba zozungulira ankaluka denga pansi, naitana amuna a m'mudzi kuti alinyamule pamodzi kulikweza pa cipupa. Ndipo m'menemo munacokera mwambi wakuti mutu umodzi susenza denga. Anali nalonso dima, pamene mudzi wonse unkalimira munthu mmodzi, iye nawafululira mowa kapena thobwa. Pa maliro adzukulu ankakumba manda, ndipo palibe anafunsa mtengo wace. Koma thandizo lija linali ndi malire ace, pakuti linafika pa mbumba ndi pa mudzi, ndipo mlendo wa pfuko lina sanaliyembekezere kwenikweni.

M'caka ca 1889 Abusa A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok anayamba Misyoni ya Dutch Reformed pa Mvera. Mu 1896 anatsegula Nkhoma, ndi mu 1907 Malingunde, kumene Mau anafalikira m'midzi ya kuno kumadzulo. Ansembe a White Fathers anafika pa Mua mu 1902, nakhazikika pa Likuni, ndipo pambuyo pace pa Nambuma ndi Namitete. Cimene mpingo unaonjezera pa mwambo wa makolo ndico kukuza malire aja. Akristu anamva fanizo la Msamariya amene anasamalira munthu wosamdziwa. Anawerenganso kuti ophunzira a ku Antiokeya anasonkha thandizo la abale a ku Yudeya m'njala ya masiku a Klaudio, ngakhale ambiri a iwo sanaonane nkhope ndi kale lonse. Tsono mbale anakhala ali yense amene tsoka lamgwera.

Mpingo unabweretsanso dongosolo. Mkulu wa mpingo adziwa nyumba zonse za dera lace, ndipo adziwa kumene kuli nkhalamba ndi ana amasiye. Cigwirizano ca Amai ca Sinodi wa Nkhoma cinazolowetsa amai kuceza ndi odwala ndi kutungira madzi opuwala. Kwa Akatolika, Bishopu Patrick Kalilombe wa ku Lilongwe anacititsa msonkhano waukulu wa dayosizi kuyambira 1973 kufikira 1975, ndipo m'menemo inalimbikitsidwa miphakati, ndiyo timagulu ta mabanja oyandikana opemphera ndi kuthangatana. Awa ndiwo manja amene afika msanga pa tsiku la tsoka, galimoto la Boma lisanapeze njira m'matope.

Ndipo masiku a tsoka sanasowe m'dziko muno. Mu Disembala 1946 napolo anatsika m'phiri la Zomba, nakokolola milatho ndi anthu omwe. Mu Marichi 1991 miyala ndi madzi zinagumuka m'phiri la Michesi ku Phalombe, ndi kupha anthu mazana. Ndipo caka comweco Boma linaika lamulo la kukonzekera ngozi ndi kuthandiza obvutika. Kuno kwathu tikumbuka koposa njala ya 2002. Mvula inacuruka mu 2001, minda inamira, cimanga cinacepa. Ndipo pofika Febuluwale wa caka cotsatira anthu analinkudya gaga ndi mizu ya kuthengo. Pamenepo ansembe a Katolika, amene anaona ndi maso ao kucuruka kwa maliro m'midzi, anapfuula poyera kupempha Boma kuti libvomereze tsokalo. Ndipo mwezi womwewo usanathe Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko liri pa ngozi. Apa tiphunzira kuti nchito ya mpingo siithera pa kugawa ufa. Kulankhulira amene mau ao samveka ndi thandizonso.

Mu Januwale 2015 cigumula cinapha anthu oposa 100, oposa 200,000 nasiya nyumba zao, ndipo maboma 15 anachulidwa kuti ali pa ngozi. Anatsatira anamondwe ochedwa Idai mu 2019 ndi Ana mu 2022, amene anaononga damu la magetsi pa Kapichira, kotero kuti mdima wace unatifika ngakhale ife kuno. Koma woposa onse anali Freddy, mu Marichi 2023. Mvula inagwa masiku osalekeza m'cigawo ca kumwera. Usiku phiri la Soche linagumuka, matope nakwirira nyumba za ku Chilobwe anthu ali m'tulo. Ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu midzi yathunthu inafafanizika. Akufa ndi osowa anapitirira 1,000, ndi osowa pogona anapitirira 600,000. Pulezidenti Lazarus Chakwera analamula masiku 14 a kulira maliro, ndipo Papa Francis ku Roma anapempherera dziko lathu pamaso pa khamu la anthu.

M'masiku amenewo machalichi ambiri anasanduka misasa, pamodzi ndi masukulu. Anyamata anakumba matope ndi makasu ndi manja omwe, kufuna amoyo ndi kuturutsa mitembo kuti iikidwe mwaulemu. Amai anaphika phala m'miphika yaikuru. Mabungwe a mipingo, monga CADECOM ya Akatolika, anagawa cakudya ndi zofunda. Asilamu nawonso anagwira nchito yomweyo, ndi a Red Cross, ndi asilikari. M'mipingo ya cigawo cathu ca pakati anthu anasonkha ufa, nyemba, sopo, ndowa ndi zobvala, kutumiza kwa anthu amene sadzawaona konse. Zaka zakale Mcewa wa ku Lilongwe ndi Mlomwe wa ku Phalombe akadayesana alendo. Koma pa tsiku lija cakudya ca wina cinalowa m'kamwa mwa mwana wa mnzace.

Komatu mbiri iyi itidzudzulanso pa zinthu zitatu. Coyamba, cifundo cathu cifulumira kuzirala. Sabata yoyamba zopereka zicuruka, koma pakutha miyezi itatu taiwala, pamene ndiyo nthawi imene wogumukiridwa nyumba asowa mbeu, mitengo ndi udzu. Caciwiri, pamveka madandaulo m'malo ena kuti polemba maina a olandira thandizo ena atsogoza abale ao kapena a mpingo wao. Ici ndi cinthu camanyazi, cobwezera malire aja amene Uthenga unagwetsa. Pakuti mkuntho sufunsa kuti munthu apemphera kuti. Cacitatu, ife tomwe tikulitsa tsokalo ndi nkhwangwa zathu. Mitengo ya m'midzi yatha ndi zigafa za fodya ndi mauvuni a njerwa, ndipo nkhalango ya Dzalanyama, kumene ucokera mtsinje wa Lilongwe, ilinkupsa makala. Pamene palibe mitengo mphepo ithamanga yosaletseka, ndi madzi a mvula salowa pansi, koma akokolola nthaka ndi kudzaza mitsinje.

Cifukwa cace, abale, tisayembekezere kuti denga liyambe lagwa. Cakudza siciimba ng'oma. Mvula isanafike, akulu a mpingo ndi a miphakati ayendere nyumba za nkhalamba, aone nsici zobvunda ndi malata olekera. Anyamata afolere ndi kumanga mwamphamvu. Ndipo pa chalichi ciri conse, ndi pa sukulu, tibzale mizere ya mitengo ku mbali yocokera mphepo. Mpingo uli wonse usunge kathumba ka ngozi, ndi kuwerengera ndalama zace poyera pamaso pa Akristu onse. Ndipo tsoka likagwa pa mudzi wina, ukhale wa Akristu kapena wa akunja, titenge makasu athu m'mamawa ndithu ndi kupita, pokumbuka mau a makolo akuti caona mnzako capita, mawa ciona iwe. Ambuye atipatse mtima wotere, ndi mphamvu ya kupirira nao kufikira nyumba yotsiriza itafoleredwa.