Zimene Zithunzi za ku Korem Zinaonetsa ndi Zimene Zinabisa

Lero ndiloleni ndikukumbutseni za njala imene inagwa ku Ethiopia m'chaka cha 1984.

Kumpoto kwa dzikolo mvula inakanika, ndipo anthu miyandamiyanda anasiya midzi yawo nakasonkhana m'tauni ya Korem kuyembekezera chakudya. Njalayo sinali yachinsinsi. Mabungwe othandiza anthu anali atachenjeza kwa miyezi yambiri, koma owalabadira anali ochepa. Boma la Mengistu Haile Mariam linali kalikiliki ndi chikondwerero cha mu Seputembala, chokumbukira kuti patha zaka 10 chigwetsereni ufumu wa Haile Selassie.

Pa 23 Okutobala, wailesi yakanema ya BBC inaonetsa zimene Mohamed Amin, wojambula wa ku Kenya, anajambula ku Korem, mtolankhani Michael Buerk akufotokoza. Anthu a ku Ulaya ndi ku America anaona ana otsala mafupa okhaokha ndi mitembo yokulungidwa m'masaka. Woimba Bob Geldof, amene anaonera nawo, anagwirizana ndi Midge Ure nasonkhanitsa anzawo m'gulu la Band Aid. Pa 13 Julayi 1985 panachitika phwando la nyimbo la Live Aid ku London ndi ku Philadelphia. Ndalama zochuluka zinasonkhedwa, chakudya chinapita, ndipo miyoyo inapulumuka. Zimenezi tisazipeputse.

Koma taganizirani zimene zithunzizo sizinaonetse. Kumpotoko kunali nkhondo ya boma ndi magulu oukira a ku Tigray ndi ku Eritrea. Asilikali a boma ankaphulitsa misika ndi kuletsa malonda a chakudya m'madera a adani awo, ndipo pambuyo pake boma linasamutsa mokakamiza anthu ambirimbiri kupita nawo kumwera. Bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières litadzudzula kusamutsako, linathamangitsidwa m'dzikomo mu Disembala 1985. Ambiri oonera kanema anangoti ndi chilala, osadziwa kuti panjalayo panalinso dzanja la munthu. Chithunzi chimaonetsa wanjala, koma amene wamulanda chakudya sichimuonetsa.

Vuto lachiwiri ndi la maso athu. M'zaka zotsatira, mabungwe ambiri popempha thandizo ankabwereza nkhope yomweyo: mwana wotupa mimba, ntchentche zili m'maso, dzina lake osatchulidwa. Anthu anaphunzira kuti umphawi uli ndi nkhope imodzi ndiponso kuti umakhala kutali. Tsono chimene maso aona kawirikawiri, mtima umachizolowera. Chithunzi chimene dzana chinaliritsa anthu, lero amangochidutsa.

Ife sitisiyana nawo. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula nyumba ku Chilobwe ndi ku Mulanje, zithunzi zinayenda pafoni iliyonse, ndipo ambiri a inu munapereka ufa ndi zovala. Dzifunseni: kodi mabanja amenewo akugona pati lero? Ndi liti munafunsa komaliza?

Palinso mmphawi amene sadzajambulidwa konse. Ndi mayi wamasiye amene mumakhala naye benchi limodzi, atavala chitenje chochapa bwino, koma kwawo moto sunasonkhedwe chiyambire dzulo. Ndi mnyamata amene wasiya sukulu mwakachetechete chifukwa cha fizi. Popeza safanana ndi ana a ku Korem, timawapatsa moni n'kupitirira.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukaona chithunzi cha ovutika, musathamange kuchigawa kapena kuchidutsa. Yambani mwafunsa kuti munthuyo ndani, ndipo chamufikitsa pamenepo n'chiyani. Sabata ino, musanatsegule foni, kaodireni pakhomo lina m'dera lanu, mukhale pansi, mufunse ngati pakhomopo adya.

Mukhale ndi sabata yabwino.