Chilombo cha ku Dowa chikadabwera m'masiku a AI

Sabata ino cholembera chagwera ife a ku Ntcheu, ndipo ndabwera ndi nkhani ya zilombo. Sindikunena zilombo za kudambwe ayi, zimenezo eni ake alipo. Ndikunena nyama zija anthu amalumbira kuti anaziona ndi maso awo, koma akatswiri a zinyama akatsegula mabuku awo sazipezamo.

Amene munali mutayamba kale kumvera wailesi mu 2003 simunaiwale za ku Dowa. Kumayambiriro kwa Malichi chaka chimenecho, anthu pafupifupi 4,000 anasiya nyumba zawo, chimanga chili m'munda, n'kuthawira kuboma komwe ankagona mothithikana muholo. Chinawasamutsa chinali chinyama chomwe chinapha anthu atatu, agogo aakazi awiri ndi mwana wa zaka zitatu, n'kuvulaza ena 16. Mabala ake anali osayang'anika kawiri: ena anaduka manja, ena miyendo, ena nkhope zinawonongekeratu. Dr Matius Joshua, yemwe anali mkulu wa zaumoyo m'bomalo, ndiye anafotokozera atolankhani zimenezi, ndipo BBC itaulutsa, dziko lonse lapansi linamva kuti ku Malawi kwabuka chilombo chosadziwika.

Sikanali koyamba. Mu Ogasiti 2002 chinyama china chinali chitapha kale anthu asanu ndi kuvulaza oposa 20 m'boma lomwelo. Chimenecho alenje a boma ndi apolisi anachisaka n'kuchiwombera. A nthambi yoona za nyama zakutchire atachiyang'ana anati ndi fisi wachiwewe. Anthu a kumudzi anapukusa mitu. Anati fisi timamudziwa ife, miyendo yake yakumbuyo ndi yaifupi, ichi sichili choncho. Ndiye zitayambiranso patangotha miyezi 7, ena anati n'chomwechija, chadzuka kudzabwezera.

Ine pa mlandu umenewu ndili kumbali ya a boma. Nsagwada za fisi zimaswa fupa ngati mtedza, ndipo chiwewe chimachotsa mantha onse amene nyama yakutchire imakhala nawo ikaona munthu. Komanso afisi akudya anthu si achilendo m'mbiri yathu. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, afisi anapha anthu 27 m'dera la Mulanje, ambiri mwa iwo m'nyengo yotentha pomwe anthu amagona pakhonde, F.A. Balestra analemba nkhaniyi mu 1962. Komabe musawaseke anthu a ku Dowa. Taonani mmene anatsutsira. Sananene kuti tinalota, kapena kuti wina anatiuza. Analoza miyendo ya nyama yomwe inali itagona pamaso pawo. Mbali zonse ziwiri zinkakangana pa chinthu chimodzi chogwirika, choti munthu akhoza kuchitembenuza, kuchiyeza ndi chingwe, kuwerenga mano ake. Gwirani mfundo imeneyi, tiifuna kutsogoloku.

Nkhani ya ku Dowa inalowa m'ndandanda wa anthu ena a kunja amene ntchito yawo ndi kusaka nyama zomwe sayansi sinazivomereze. Kusakaku amakutcha cryptozoology, ndipo amene anakutchukitsa ndi Bernard Heuvelmans, katswiri wa zinyama yemwe buku lake lonena za nyama zosadziwika linatuluka mu 1955. M'ndandanda wawo muli chilombo cha m'nyanja ya Loch Ness ku Scotland, Bigfoot wa ku America, mokele-mbembe wa m'madambo a ku Congo. Asayansi ambiri amawayang'ana cham'mbali anthu amenewa, ndipo nthawi zambiri m'pomveka. Koma iwo akapanikizidwa amatulutsa nyama imodzi yomwe amainyadira kwambiri, okapi, ndipo nkhani ya okapi ikutikhudza ife Amalawi.

Mzungu amene dzina lake lili pa nyamayi ndi Harry Johnston, yemwe uja anakhazikitsa boma la atsamunda kuno mu 1891. (Kuno ku Ntcheu boma limenelo timalikumbukira ndi china: ndi lomwe linapha Inkosi Gomani Chikuse mu 1896. Koma imeneyo ndi ya tsiku lina.) Atachoka kuno, Johnston anakagwira ntchito ku Uganda, ndipo mu 1900 analowa m'nkhalango ya Semliki ku Congo kukasaka nyama yomwe eni nkhalangoyo ankaidziwa kuyambira kalekale. Iye m'mutu mwake anali atajambula kale kuti ndi mtundu wa hatchi kapena bulu. Anthu atamuonetsa mapazi a nyamayo, anawakana chifukwa ziboda zake zinali zogawanika, pomwe hatchi chiboda chake n'chimodzi. Anabwerako ndi tizidutswa ta chikopa chamizeremizere, ndipo ku London akatswiri atationa anati ndi mbale wake wa mbidzi. Onse analakwa. Mlandu unatha mu 1901 pomwe msilikali wa ku Sweden, Karl Eriksson, anatumiza chikopa chathunthu ndi zigaza ziwiri. Mano ndi mafupa zinayankhula zokha: nyamayi ndi mbale wake wa kadyansonga. Eni nkhalango ndi mapazi awo aja ndiwo ankanena zoona.

Chimodzimodzi nsomba ya coelacanth, yomwe asayansi ankati inatha padziko zaka mamiliyoni ambiri zapitazo. Inakhulupirika chifukwa mu Disembala 1938 Marjorie Courtenay-Latimer anaitola pa mulu wa nsomba za asodzi ku East London, ku South Africa, n'kusunga chikopa ndi mamba ake mpaka katswiri J.L.B. Smith atafika kudzazigwira ndi manja.

Nanga zithunzi zachitapo chiyani m'mbiri imeneyi? Kunena mosabisa, zasokoneza koposa kuthandiza. Chithunzi chotchuka kwambiri cha chilombo cha Loch Ness chinatuluka m'nyuzipepala ya Daily Mail mu 1934: khosi lalitali ndi kamutu zitatumphuka pamadzi. Anthu anachikhulupirira chifukwa amene anabwera nacho, Robert Kenneth Wilson, anali dokotala wolemekezeka. Panatha zaka 60 choonadi chisanadziwike. Mu 1994 m'pamene zinaululika kuti chinali chidole cha sitima yoyenda pansi pa madzi chomwe anachimata mutu wochita kuumba. Mwini chiwembucho anali Marmaduke Wetherell, mlenje yemwe anali atachita manyazi miyezi ingapo m'mbuyomo: mapazi a chilombo amene anati wawapeza m'mbali mwa nyanjayo, akatswiri atawayeza anapeza kuti anadindidwa ndi phazi louma la mvuu. Inde, mvuu yathu yomweyi, ku Scotland!

Koma onani thukuta lomwe bodza limeneli linafuna. Panafunika woumba mutu, wokauyika pamadzi, wojambula, wotsuka filimu, ndi dokotala woti abwereke dzina lake. Anthu ochita chiwembu akachuluka, mmodzi amadzaulula, ndipo n'zomwe zinachitika: Christian Spurling, woumba uja, anaulula ali nkhalamba. Lero mnyamata wa Fomu 2 amene ali ndi foni ndi kabandulo kake akhoza kulemba mawu awiri atatu mu pulogalamu ya AI, n'kutulutsa chithunzi choposa cha Wilson madzi a tiyi asanawire. Palibe mnzake wodzaulula, palibe chidole chodzapezeka. Mu Malichi 2023 anthu mamiliyoni anakhulupirira chithunzi cha Papa Francis atavala chijasi choyera chotukumuka, chonsecho chinapangidwa ndi pulogalamu ya Midjourney. Ngati anthu ananamizidwa pa nkhope yodziwika ngati ya Papa, kuli bwanji pa nyama yomwe palibe akudziwa maonekedwe ake? Chithunzi chabodza cha mbuzi mukhoza kuchigwira, chifukwa mbuzi mumaidziwa. Chithunzi chabodza cha chinthu chosadziwika mungachiyerekeze ndi chiyani?

Pali vuto lina lomwe limandidetsa nkhawa kuposa limeneli, ndipo chitsanzo chake chili pafupi, ku Zambia. Mu 1923 Frank Melland, yemwe anali bwanamkubwa wachitsamunda pakati pa Akaonde, analemba za kongamato, chouluka chamapiko opanda nthenga chomwe ankati chimagubuduza mabwato m'madambo a Jiundu. Melland anatenga mabuku okhala ndi zithunzi za nyama zakale zomwe zinatha, n'kuonetsa anthu. Iwo analoza chithunzi cha pterodactyl. Kuchokera pamenepo, anthu a cryptozoology akhala akunena kuti ku Zambia kukadali zouluka za makedzana. Koma funsani wapolisi aliyense wofufuza milandu: mboni ukaionetsa chithunzi isanafotokoze yokha, waiwononga. Zomwe inaona mumdima, mwamantha, kwa kamphindi, zimasungunuka n'kulowa m'chithunzi chomwe wayika patsogolo pake. Melland anachita zimenezi kwa anthu ochepa ndi buku limodzi. Foni imachita zomwezo kwa mudzi wonse usiku umodzi.

Tsono tiyerekeze kuti za ku Dowa zija zachitika chaka chino kuno kwathu. Malo ake alipo ndithu: mapiri ndi mapanga a Kirk Range, nkhalango za Dzonzi ndi Mvai, midzi yomwe khola la mbuzi limayang'anizana ndi thengo. Afisi kuno si nthano, aliyense woweta amadziwa kulira kwawo. Munthu walumidwa madzulo cha ku Tsangano. Pofika mmawa, chithunzi cha chinyama chamaso ofiira, thupi la fisi koma miyendo ya munthu, chazungulira magulu a WhatsApp a mpingo, a banki mkhonde, a mabasiketi, chadutsa pamsika wa Lizulu n'kuwolokera ku Angonia, poti kuno malire ndi msewu chabe. A zanyama akafika masana kudzafunsa amene anaona, aliyense akufotokoza maso ofiira ndi miyendo ya munthu. Sakunama ayi. Akukumbukira chithunzi. Ndipo alenje akadzapha fisi weniweni, ndani adzavomere kuti ndi yemweyo? A ku Dowa ankayerekeza nyama yakufa ndi fisi amene ankamudziwa. Ife tidzaiyerekeza ndi chinthu chomwe sichinapondepo pansi.

Wina anena kuti aaa, n'zoseketsa chabe izi, anyamata akungocheza. Kumbukirani 2017. Mphekesera za anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo zinaphetsa anthu osalakwa, mpaka bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'madera ena. Zimenezo zinali zapakamwa ndi mauthenga olemba chabe, za kandimverere uja anakanena za m'maluwa. Ndipo pachikhalidwe chathu nkhani ya fisi sithera pa fisi. Pasanathe masiku awiri funso limasintha kukhala lakuti, kodi fisi ameneyu mwini wake ndani? Chala chimaloza kwa agogo ena okhala okha kumapeto kwa mudzi. Muwonjezerepo chithunzi choonetsa munthu akusanduka fisi, muone ngati a mfumu angathe kuugwira mudzi umenewo.

Mbali inayo ya vutoli anthu saikamba kwambiri. Zithunzi zabodza zikachuluka, chenicheni chimafera limodzi. Mayi wina akhoza kujambula fisi weniweni akuyenda masana dzuwa likuswa mtengo, dovu lili chuchuchu, pafupi ndi chitsime chomwe ana amatungapo madzi. Fisi woyenda masana osaopa anthu ndi chizindikiro choopsa. Koma gulu lomwe lanamizidwa kasanu limangoyankha kuti, za AI izi mayi, tazitayeni. Ku Japan, komwe zimbalangondo zinavulaza ndi kupha anthu ambiri mu 2025, makanema abodza a zimbalangondo anadzaza pa intaneti, ndipo khonsolo ya tauni ya Onagawa inafika pochenjeza anthu ndi chithunzi chomwe kenako inapepesa kuti chinali cha AI. Ofesi ya boma ikatero kamodzi, chenjezo lake lachiwiri limamveka ngati nthabwala.

Akatswiri ena amati njira zozindikirira zilipo. Kale tinkawerenga zala, poti AI inkapatsa anthu zala 6, koma matenda amenewo inachira. Kamera ya foni imabisa m'chithunzi tsiku, nthawi ndi mtundu wa foniyo, zomwe zikadathandiza. Tsoka lake WhatsApp imafufuta zonsezo chithunzi chikangotumizidwa mwanjira ya masiku onse. Pofika kwa munthu wachisanu chimakhala chamasiye, chopanda kwawo.

Chotsala ndi chomwe chinathetsa mlandu wa okapi: chogwirika. Mapazi pamatope asanapondedwe, ubweya wokodwa paminga ya khola, ndowe, kukula kwa mano pabala, ndi mawu a mboni iliyonse olembedwa payokha isanaone foni ya mnzake. Pa nkhani ya chiwewe umboni uli muubongo wa nyamayo basi, ndipo amauyeza kumalo ngati labotale yaikulu ya zaziweto ku Bwemba mu Lilongwe. Apa m'pamene mwambo wathu umatipinga. Nyama yoganiziridwa kuti ndi yoweta mwamatsenga anthu amathamangira kuitentha, kapena kuiduladula kufuna zizimba, a zaziweto asanafike. Mutu ukapsa kapena kuwola padzuwa, palibenso choyeza. Pamene mudzi ukukangana pa chithunzi, wolumidwa uja nthawi ikumuthera: bala limayenera kutsukidwa ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo katemera ayambe tsiku lomwelo, chifukwa chiwewe chikangoonetsa zizindikiro mwa munthu, kuchipatala amangomusamalira podikira tsiku.