Kuchokera pa Dzenje Kufika pa Motosera: Mbiri ya Ocheka Matabwa kwathu kuno

Kale makolo athu a ku Angonia kuno sankalidziwa thabwa locheka. Chitseko chinali cha bango kapena nsungwi, ndipo mtondo ndi mpando ankachita kusema ndi nkhwangwa ndi kasemasema. Sowo idadza ndi azungu: a boma la Apwitikizi ku Vila Coutinho, kumene lero timati Ulongwe, ndiponso ansembe Achiyezuiti amene adafika ku Lifidzi chaka cha 1910 chisanakwane, nadzatsegulanso Fonte Boa mu 1945. Kumanga tchalitchi ndi sukulu kunkafuna mitanda, zitseko ndi mabenchi, motero anyamata a m'midzi adaphunzira kucheka.

Ankacheka pa dzenje. Chipika ankachigoneka pamwamba pa dzenjelo, nalemba mizere ndi chingwe chonyika m'makala osinja. Wina ankaima pamwamba, mnzake m'munsi, utuchi ukumugwera m'maso. Inali ntchito yakalavulagaga, komatu sowoyo inali yopyapyala, ndiye mtengo sunkaonongeka wambiri.

Pamene kuno ankakoka sowo ndi manja, ku Germany kudali kutabadwa makina. Andreas Stihl adapanga sowo yamagetsi mu 1926, ndipo Emil Lerp adatulutsa yoyendera petulo mu 1927. Zoyambazo zinali zolemera, zogwira anthu awiri. Mu 1959 kampani ya Stihl idatulutsa Contra, yogwira munthu mmodzi, ndipo chaka chomwecho Husqvarna ya ku Sweden idayamba kupanga zake.

Nkhondo itatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu adabwerera kuchoka ku Dedza ndi Ntcheu nkupeza mabwinja okhaokha. Aliyense ankafuna chitseko ndi mitengo ya denga. Poyamba dzenje lomwe lija ndilo lidathandiza, koma m'kupita kwa zaka motosera idayamba kumveka m'mapiri. Yambiri idafika itagwira kale ntchito kwina, ndiye amisiri athu adachita kuiphunzira poimasula.

Adapeza kuti makinawa adapangidwira kugwetsa mtengo ndi kudula zipika, ntchito ya mphindi zochepa. Kung'amba chipika m'litali kumaliritsa injini nthawi yaitali osapuma; imatentha, pisitoni nkukandika. Choncho wogula yakale amayamba wachotsa chotulutsira utsi nkusuzumira pisitoni. Ikakhala ndi mikwingwirima, amasintha pamodzi ndi maring'i ake. Amatsuka sefa ya mpweya, kuona pulagi, imene ena amati vela, ndi kumasulako pang'ono sikuluwu ya kabuleta yolembedwa H, kuti mafuta azilowa ochulukirapo, injini izizizira. Mano a tcheni, amene amabwera atanoledwa pa madigiri 25 kapena 30, amawanolanso ndi tupa kufika pa madigiri 10 kuti thabwa lituluke losalala.

Chinsinsi chachikulu chili pa kusakaniza mafuta. Injini imeneyi ilibe thanki ya oyilo wa m'kati mwake. Oyiloyo amathiridwa m'petulo momwemo. Buku la makina ambiri a masiku ano limati 50:1, ndiye kuti pa malita 5 a petulo pamalowa mamililita 100 a oyilo. Ena akale ankafuna 25:1, mamililita 200. Munthu wosadziwa kuwerenga manambalawa amangothira mwa maso, ndipo makina amene adagulitsira ng'ombe amafa msanga.

Koma tisabise mawu. Tcheni ndi yokhuthala kuposa sowo ya pa dzenje, ndipo paliponse yadutsa imasandutsa utuchi pafupifupi sentimita yathunthu. Chipika cha matabwa khumi chimataya thabwa ndithu. Mlombwa ndi mbawa zimakula zaka makumimakumi, pamene makina amazigwetsa m'kanthawi. Ndiye chifukwa chake ocheka ambiri adatembenukira ku bulugamu ndi paini, mitengo yochita kubzala.

Inu atsogoleri a sukulu za kwacha, mbiri iyi ili pakhomo panu pomwe. Itanani mkulu amene adachekapo pa dzenje pamodzi ndi mnyamata wa motosera, afotokoze aliyense za nthawi yake, ophunzira alembe mayina a mitengo imene idatha m'mudzi mwawo. Kenaka lembani pa bolodi 50:1, muwafunse oyilo wofunika pa malita 2, pa 5 ndi pa 10. Wina mwa iwo adzapulumutsa injini yake ndi samu imeneyo.