Grasse: tauni ya zikopa yomwe inasanduka likulu la zonunkhira

Tauni ya Grasse, kum'mwera kwa dziko la France kufupi ndi Cannes, inayamba kutchuka ndi fungo loipa. Kwa zaka mazanamazana anthu akumeneko ankafufuta zikopa, ndipo magolovesi omwe ankasoka, ngakhale anali okongola, ankasiya fungo m'manja mwa olemera omwe ankawagula. Amisiri anayamba kuwapaka mafuta a maluwa. Magolovesi onunkhirawa anafala kunyumba yachifumu m'nthawi ya Catherine de' Medici, yemwe anachoka ku Florence mu 1533 kudzakwatiwa ku France, ndipo mu 1614 mfumu inavomereza owasoka kukhala gulu la amisiri loima palokha. Panalinso mantha. Anthu ankakhulupirira kuti matenda amayenda mumpweya wonunkha, kotero pa miliri, monga wa ku Marseille wa 1720, ankadziteteza ndi zitsamba zonunkhira ndi viniga.

Zifukwa ziwirizi zinatha, ndipo apa ndi pomwe mbiriyi imandigwira mtima. Msonkho wokwera unagwetsa malonda a zikopa m'zaka za m'ma 1700. Patapita zaka zana, Louis Pasteur ndi anzake anaonetsa kuti matenda amabwera ndi tizilombo, osati fungo. Zonunkhira zikanakhala zobisira kununkha ndi zothamangitsira mliri chabe, ntchitoyi ikanafera pomwepo. M'malo mwake mapiri ozungulira Grasse anadzaza minda ya jasmine, tuberose ndi rozi wa mwezi wa Meyi. Amayi ankalawirira m'bandakucha kukathyola jasmine dzuwa lisanalande fungo lake; maluwawo ankayalidwa pagalasi lopakidwa mafuta a nyama, n'kumasinthidwa ndi atsopano mpaka mafutawo atakhuta fungo. Ntchito yowawa chonchi inapitirira chifukwa ogula anali atapeza kuti munthu wodzola fungo lomwe amalikonda amayenda mosiyana, amalankhula molimba mtima, salowa pagulu modzikayikira. Mwachitsanzo, perefyumu ya Chanel No. 5, yomwe Ernest Beaux anasakaniza ndipo inatuluka mu 1921, sinagulitsidwe ngati mankhwala. Inali ya mkazi wofuna kudzimva kuti ndi wamakono.

Ena anganene kuti zonsezi ndi nzeru za otsatsa malonda, omwe amadyera pa kudzikayikira kwa anthu. Pali choona pamenepo, makamaka tikakumbukira kuti othyola maluwa ankalandira zochepa pomwe kabotolo kamodzi kankagulidwa ndalama zankhaninkhani. Komabe wotsatsa sanalenge mphuno. Uthenga wa fungo umafika mwachindunji m'zigawo za ubongo zomwe zimasunga zokumbukira zakale ndi kutengeka kwa mtima, n'chifukwa chake kafungo ka sopo wina kamatha kukumbutsa munthu mayi ake asanaganize n'komwe. Enanso amati wodzola amasiya kumva perefyumu wake pakangopita kanthawi, ndiye angamulimbitse bwanji mtima? N'zoona, mphuno imazolowera msanga. Koma munthuyo amadziwa kuti wadzola, amakumbukira kuti anadzisamalira asanatuluke m'nyumba, ndipo amaona anzake akumuyandikira momasuka. N'zosadabwitsa kuti mu 2018 bungwe la UNESCO linaika luso la ku Grasse, kuyambira kulima maluwa mpaka kusakaniza mafuta, m'kaundula wa chikhalidwe chomwe dziko lonse liyenera kusunga.